Hedi yamangidwa, nanga buloko ili bwino?

Galimoto ikawira n'kupsereza gasiketi (chotsekera chopyapyala cha pakati pa hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini, ndi buloko, thunthu la injini momwe muli masilinda), eni ake ambiri amaganiza kuti ntchito yonse ndi kusikima hedi (kuipala pa makina kuti isalale), kugula gasiketi yatsopano ndi kumanga mabawuti basi. Komatu nthawi yomanga mabawutiyo ndi imene buloko imavulala, makamaka pa injini za aluminiyamu zimene zadzaza m'misewu ya Blantyre, monga 1NZ-FE ya mu Probox, Sienta ndi Corolla. Aluminiyamu ndi yofewa kuposa chitsulo cha bawuti, ndiye pakalakwika kanthu, yogonja ndi buloko.

Choopsa kwambiri ndi madzi. Mabowo a mabawuti mu buloko ndi otseka kunsi, ndipo pochotsa hedi madzi a mu radiyeta ndi oyilo zimayenderera n'kulowa m'menemo. Madzi sapanikizika. Bawuti ikamatsika m'bowo lodzadza imasanduka pisitoni, madziwo n'kusowa kolowera, mpaka amang'amba khoma la bowolo. Mng'aluwo umathamangira kumene chitsulo chili chopyapyala, ku njira ya madzi kapena ku silinda. Nthawi zina buloko sing'ambika, koma torque wrench, sipanala imene imalira bawuti ikalimba kufika pa muyezo, imalira msanga chifukwa bawuti yakhala pa madzi, pomwe hedi sinapanikizidwe n'komwe. Zimachitikanso chimodzimodzi bawuti ikakhala yaitali kuposa bowo lake, kapena pansi pa bowo pakakhala zinyalala. Makaniko wodziwa ntchito amapemerera bowo lililonse ndi mpweya wa kompuresa, n'kupisamo kansalu kuona ngati mwauma. Amalowetsanso bawuti iliyonse ndi zala asanaike hedi. Yoti yakakamira panjira ikunena kuti mazinga, timizere tozungulira timene bawuti imagwirira m'bowo, ali ndi vuto.

Vuto lachiwiri ndi mazingawo kuzuka. Injini imene inawirapo kwambiri aluminiyamu yake imafooka, moti mazinga amene ankagwira bwino kale amatha kutuluka ndi bawuti. Injini ya 2AZ-FE ya mu Camry ndi RAV4 ndi yodziwika ndi matenda amenewa, makamaka pa mabawuti a mbali ya kumbuyo.

Apa umboni woyamba uli m'dzanja la womanga. Pa 1NZ-FE mabawuti alipo 10, ndipo amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, poyamba kufika 29 Nm pa torque wrench, kenako kuwatembenuza madigiri 90, kenakonso madigiri 90 ena. Bawuti yabwino imalemera mofanana ndi zinzake mpaka kumapeto. Ina ikangopepuka mwadzidzidzi pakati pa ulendo, imani pomwepo. Mwina bawutiyo yatambasuka mopyola muyezo, mwina mazinga a buloko azuka. Imasuleni muione. Mukapeza tinthu tonyezimira ta aluminiyamu tazungulira m'mazinga ake ngati kawaya, buloko yavulala. Kuonjezera paipi ku sipanala kuti "igwire" n'kungomalizitsa bowolo. Kadontho ka penti pamutu pa bawuti iliyonse, koikidwa mukangofika 29 Nm, kamathandiza: pomaliza timadontho tonse tikhale titatembenuka madigiri 180, ndipo bawuti yodumphidwa imaonekera yokha.

Za mabawuti akale tinene mosabisa. Mabawuti omangidwa ndi madigiri anapangidwa kuti azitambasuka pang'ono pomanga. Buku la injini limapereka muyezo woti muwayeze musanawabwezere, ndipo yopyola muyezowo ndi yotaya. Kutola bawuti pa mulu wa zitsulo kumsika wa Ndirande chifukwa ikufanana ndi maso ndi njira yachidule yong'ambira buloko.

Zonse zikamangidwa, musathamangire kuliza injini. Thirani madzi, chotsani mpweya, kenako mangani pampu yoyezera pakamwa pa radiyeta n'kupopa kufika pa nambala yolembedwa pa chivundikiro chake, imene pa Toyota zambiri ndi 0.9 kapena 1.1 bar. Musapyole pamenepo, mungaphulitse radiyeta. Isiyeni mphindi 20. Muvi wa geji usatsike. Ukatsika, unikani ndi tochi m'mphepete monse mmene hedi yakumana ndi buloko, makamaka moyang'anizana ndi mabawuti. Kunja kukakhala kouma koma muvi ukutsikabe, madzi akupita m'kati. Masulani mapulagi muunike pamwamba pa mapisitoni, ndipo zunguzani injini ndi dzanja kawiri. Ikakana kuzungulira mapulagi atabwezeredwa, musaikakamize ndi sitata, chifukwa madzi a mu silinda amapinda connecting rod, chitsulo chimene chimagwira pisitoni kunsi.

Kenako yezani kompureshoni, mphamvu imene silinda iliyonse imapanikizira mpweya, injini itatentha. Masilinda asasiyane kupyola pafupifupi 10 peresenti. Awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi sinagwire pakati pawo, ndipo mukayikire bawuti za pamenepo. Choposa apa ndi leak-down test: mumaika pisitoni pamwamba mavavu atatseka, n'kulowetsa mpweya pa bowo la pulagi. Mpweya ukamveka ku ekizozi kapena kolowera mpweya, ndi mavavu. Ukamveka pothirira oyilo, ndi maring'i. Koma thovu likatuluka pakamwa pa radiyeta, ndiye kuti silinda yalumikizana ndi madzi, kaya kudzera pa gasiketi kaya pa mng'alu. Palinso mankhwala a buluu oyezera utsi mu radiyeta, amene amasanduka achikasu pa injini ya petulo ngati utsi ukulowa m'madzi.

Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro chodziwika, koma chimanamiza anthu. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikagwa, galimoto yongoyenda pakati pa Limbe ndi m'tauni imatha kukhala ndi phala loyera kunsi kwa chivundikiro cha oyilo chifukwa cha chinyezi chabe. Khulupirirani dipisitiki ndi oyilo wa mu sampu. Kumbukiraninso kuti oyilo wakale ayenera kukhetsedwa hedi ikachotsedwa, apo ayi mudzaimba mlandu buloko pa madzi amene analowa pomasula.

Mng'alu wina umabisala injini ikazizira n'kutseguka ikatentha ndi kulemedwa, ndiye kuizungulitsa pa Ginnery Corner sikokwanira. Chitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre chimaulula zambiri. Mukabwerako, galimoto igone. M'mawa onani ngati madzi atsika, finyani paipi yapamwamba ya radiyeta injini isanalire. Ikakhala yolimba ngati tayala, utsi unalowa m'madzi. Injini yotsimphina masekondi oyamba kenako n'kukhazikika, ndi utsi woyera wosatha ngakhale yatentha, zikuloza ku silinda imene yadontheredwa madzi usiku.

Mukapeza vuto, hedi ichokenso, palibe kuchitira mwina. Mazinga ozuka amakonzedwa poboola n'kuika mazinga achitsulo monga Time-Sert kapena Helicoil, bola bowolo liboolodwe molunjika ndi pa kuya koyenera. Pamwamba pa buloko payezedwe ndi rula yachitsulo yowongoka ndi fila geji (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), ndipo pa 1NZ-FE mpata usapyole 0.05 mm. Pofuna mng'alu pa aluminiyamu amapopera utoto wofiira, n'kupukuta, n'kupopera ufa woyera, ndipo mng'alu umatuluka ngati kamzere kofiira. Ukakhala kuti wafika ku silinda kapena ku njira ya madzi, mankhwala othira mu radiyeta sangauthetse, amangotseka radiyetayo. Pamenepo kambiranani ndi amakaniko anu za buloko ina, ndipo nayonso iyezedwe pamwamba ndi m'mabowo onse musanalipire.