Lean Six Sigma: mafunso ndi mayankho kwa oyendetsa ntchito

Dzina la Lean Six Sigma limamveka kawirikawiri m'mafakitale, m'mabanki ndi pa zotsatsa ntchito, moti ena amaliona ngati la mabwana a masuti okha. Koma nkhani yake ndi ya aliyense amene anaonapo kasitomala akubweza katundu, kapena fayilo ikugona sabata yathunthu patebulo.

Kodi Lean Six Sigma n'chiyani?

Ndi njira ziwiri zokonzera kagwiridwe ka ntchito, zobadwira kosiyana, zimene anazimanga mtolo umodzi. Lean inachokera kukampani ya magalimoto ya Toyota ku Japan, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha, pamene ndalama ndi zipangizo zinali zosowa. Injiniya Taiichi Ohno ndi anzake anayamba kusaka chilichonse chodya nthawi ndi ndalama koma osapindulira wogula, n'kumachichotsa. Dzina loti Lean linabwera pambuyo pake, mu 1988, kuchokera kwa John Krafcik wa ku yunivesite ya MIT ku America.

Six Sigma inayambira kukampani ya Motorola ku America mu 1986, ndipo amene anaiyambitsa ndi injiniya Bill Smith. Inatchuka kwambiri Jack Welch, amene anali mkulu wa kampani ya General Electric, ataikhazikitsa kumeneko mu 1995. Iyo nkhondo yake ndi yolimbana ndi zolakwika, komanso kusiyanasiyana kwa zinthu zimene zimayenera kutuluka zofanana. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makampani ambiri anayamba kuziyendetsa pamodzi.

Bwanji osangosankha imodzi?

Tiyerekeze malo ophikira buledi. Matumba a ufa ali kuseri kwa nyumba, sikelo ili chipinda china, ndipo wokanda ufa amayenda ulendo umenewu kambirimbiri pa tsiku. Buledi amaphikidwa wambiri kuposa oda, wotsala n'kuchita nkhungu. Lean ikafika imasendeza ufa ndi sikelo pafupi ndi pokandira, n'kunena kuti aziphika molingana ndi oda. Ntchito iyamba kuthamanga ndithu. Koma ngati buledi wina akutuluka wolemera, wina wopepuka, wina wopserera mbali imodzi, ndiye kuti mwangofulumizitsa kutulutsa zobwezedwa.

Tsono tembenuzani. Wa Six Sigma abwera, ayeza buledi aliyense, apeza kuti uvuni sukutentha mofanana, aukonza. Buledi yense afanana ngati mapasa. Koma wokanda ufa uja akuyendabe mtunda wake, ndipo wotsala akuchitabe nkhungu. Choipa kwambiri n'chakuti munthu angathe kutha miyezi akukonza bwinobwino gawo la ntchito limene silinayenera kukhalapo n'komwe. Mutu umodzi susenza denga. Ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba ndi kuchotsa zosafunika, chifukwa n'zosavuta kuziona ndi maso, kenako kuyeza ndi kukonza zotsalazo.

Kuwononga kumene Lean imachotsa n'kotani?

Ajapani amakutcha muda, ndipo Ohno anakugawa pasanu ndi pawiri: kupanga zambiri kuposa zofunika, kudikira, kunyamula katundu uku ndi uku, kugwira ntchito yopitirira imene wogula akufuna, kuunjika katundu mosungira, kuyendayenda kwa wantchito, ndi zolakwika zofuna kubwereza. Ena anawonjezera chachisanu ndi chitatu, kusagwiritsa ntchito nzeru za antchito.

Musaganize kuti izi n'zamufakitale mokha. Tsatirani fomu yopempha ngongole muofesi. Kalaliki ailandira, ailemba m'buku, wina alowetsa mukompyuta zomwezo. Ikadikira siginecha ya bwana amene ali kumsonkhano, kenako chidindo cha wina amene ali patchuthi. Mukawerengera mphindi zimene munthu anaigwiradi fomuyo, mupeza kuti n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi masiku amene inangokhala m'thireyi. Mwini fomu akabwera amauzidwa kuti abwerenso mawa, ndipo thiransipoti ndi yake.

Nanga mawu oti sigma akutanthauza chiyani?

Sigma ndi chilembo cha Chigiriki chimene a masamu amayezera kutalikirana kwa zinthu ndi mlingo wapakati. Ntchito ikafika pa sigma 6, zolakwika zimakhala 3.4 zokha pa mipata miliyoni imodzi yolakwitsa. Wina anganene kuti kukhoza 99 pa 100 n'kokwanira. Koma pamenepo ndiye kuti pa miliyoni mwalakwitsa ka 10,000. Ganizirani zimenezo pamalo operekera mankhwala kuchipatala. Si bizinesi iliyonse imene iyenera kufika pa 3.4, koma iliyonse iyenera kudziwa pamene ili, ndi manambala osati zongomva.

Kodi ntchito yokonzayo imayenda bwanji?

Imatsata masitepe asanu otchedwa DMAIC, kuchokera ku zilembo zoyamba za mawu achingerezi. Choyamba, tchulani vuto momveka: kunena kuti makasitomala akudandaula sikokwanira, nenani kuti buledi wa m'mawa akubwezedwa chifukwa chopserera. Chachiwiri, yezani mmene zinthu zilili lero musanakhudze kalikonse. Apa ndi pamene ambiri amathawa, chifukwa kuwerenga ndi kulemba tsiku ndi tsiku n'kotopetsa, koma popanda pamenepa simudzadziwa ngati mwakonza kapena mwangosuntha vuto.

Chachitatu ndi kufukula muzu. Ku Toyota ankafunsa kuti "chifukwa chiyani" mpaka kasanu. Buledi wapserera chifukwa chiyani? Uvuni ukutentha mbali imodzi. Chifukwa chiyani? Chitseko sichitsekeka bwino. Chifukwa chiyani? Labala yake inatha. Bwanji sinasinthidwe? Palibe amene anapatsidwa udindo woyendera uvuni. Taonani, mukanaima pa funso loyamba mukanakalipira wophika wosalakwa. Ena amajambula chithunzi chonga minga ya nsomba, cha katswiri wa ku Japan Kaoru Ishikawa, poika zifukwa zonse poyera: anthu, makina, zipangizo, kachitidwe.

Chachinayi ndi kukonza, kuyamba pang'ono n'kuona ngati zatheka. Chachisanu ndi kulondera kuti zakale zisabwerere: kulemba kachitidwe katsopano, kuphunzitsa obwera kumene, ndi kupitiriza kuyeza.

Malamba amene amatchulidwa aja ndi a chiyani?

Mayina anabwerekedwa ku masewera a karate. Wa Yellow Belt amadziwa zoyambira, wa Green Belt amatsogolera ntchito yokonza uku akugwira ntchito yake ya masiku onse, wa Black Belt imeneyi ndiyo ntchito yake yeniyeni, ndipo Master Black Belt amaphunzitsa enawo. Palibe bungwe limodzi lolamulira masatifiketi onsewa padziko lonse, choncho musanalipire fizi funsani ngati maphunzirowo akufuna kuti mukonze vuto lenileni pantchito panu. Pepala lopanda zimenezo silikupatsani luso.

Kodi si njira yochotsera anthu ntchito?

Mantha amenewa ndi omveka, ndipo alipo mabwana amene amaigwiritsa ntchito motero. Akatero njirayo imafera pomwepo, pakuti ndani angaulule nthawi yotayika akudziwa kuti akudzikumbira dzenje? Ku Toyota wantchito wamba ali ndi mphamvu yokoka chingwe chotchedwa andon akaona cholakwika, mtsogoleri wake n'kuthamangira pomwepo, ndipo vuto likapanda kutha msanga mzere wa magalimoto umaima. Zimenezi zimatheka pokhapokha pamene woulula vuto amayamikiridwa. Amene amadziwa pamene pakudontha ndi amene amagona m'nyumbamo, ndiye nthawi imene yapulumutsidwa ipite ku ntchito ina yaphindu, osati ku kalata yochotsa munthu.

Kodi kwathu kuno zingatheke?

Mbali ina inafika kale. Zipatala zina za boma m'Malawi zinaphunzitsidwa 5S ndi Kaizen (kukonza ntchito pang'onopang'ono mosalekeza) mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, ndipo ku Zambia kuli Kaizen Institute of Zambia. 5S ndi kusankhula zosafunika, kuika chilichonse pamalo pake, kuyeretsa, kukhazikitsa kachitidwe kamodzi, ndi kusunga mwambowo. Sizifuna makina atsopano. Wa shopu, wa chigayo kapena wa telala angayambe ndi kope ndi cholembera: kwa milungu iwiri alembe chilichonse chobwezedwa, chobwerezedwa kapena chodikiritsa kasitomala, ndi chifukwa chake. Kenako awerenge kuti chifukwa chimene chabwera kambiri ndi chiti, aitane amene amagwira ntchitoyo, ayambe ndi chimenecho.