Kodi chigawenga chikalapa, mlandu umatha?

Pali mphekesera yoti chigawenga chikangotula pansi mfuti n'kunena kuti chalapa, milandu yake yonse imafafanizidwa. Si zoona ayi.

Ku Uganda, lamulo la chikhululukiro la 2000 linamasuladi anthu masauzande a gulu la zigawenga la Lord's Resistance Army, ndipo ambiri mwa iwo anachita kubedwa ali ana. Koma Dominic Ongwen, yemwenso anagwidwa ndi gululi ali mwana akupita kusukulu, khoti la dziko lonse loweruza milandu ikuluikulu la ICC ku The Hague, m'dziko la Netherlands, linamupeza wolakwa pa milandu 61 mu 2021, n'kumugamula zaka 25. Oweruza sanakane kuti naye anazunzidwa, koma anati zimene anachita atakula, ali mtsogoleri wa asilikali a gululi, n'zake.

Thomas Kwoyelo, mtsogoleri wina wa gululi, anapempha chikhululukiro, boma linamukaniza. Mu 2024 khoti la ku Uganda komweko linamugamula zaka 40.