Gasi wa mu eyakoni satha yekha

Okutobala akangolowa, mafoni a ife okonza mafiriji ndi maeyakoni kuno ku Mzuzu sapuma. Oimba onse mawu awo ndi amodzi: "Amisiri, tabwerani mudzathire gasi, watha." Ndinene mosapita m'mbali kuti gasi wa mu eyakoni satha ngati mafuta a galimoto. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka. Kompuresa, yomwe ndi pampu ya gasiyo, imamupanikiza, iye n'kudutsa m'chipangizo cha eyakoni chokhala panja pa nyumba kukataya kutentha, kenako n'kubwerera m'nyumba kudzatenga kwina. Zaka khumi zitha kudutsa muli gasi yemwe uja wa tsiku loika makinawo. Akachepa ndiye kuti pena pake pabooka, ndipo amene wakuthirirani wina asanapeze pobookapo wangokudyerani ndalama, pakatha milungu ingapo mudzamuitananso.

Kawirikawiri pothawira gasi ndi pa manati olumikiza mapaipi a kopa, makamaka ngati woika makinawo anali pa changu pokuza kukamwa kwa paipi. Chizindikiro chake mutha kuchiona nokha. Gasi amatuluka limodzi ndi timafuta ta kompuresa, ndiye pamalopo pamakhala ponyowa, fumbi n'kumamatirapo mpaka kuda bii. Ife timapakapo thovu la sopo n'kudikira kuona ngati likufufuma. Tikatseka pobookapo timayamba takoka mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipi ndi pampu, kenako n'kuthira gasi woyeza pa sikelo, molingana ndi magalamu olembedwa pa pepala lomata m'mbali mwa chipangizo cha panja. Mmisiri akafika ndi silinda yokha m'manja, wopanda sikelo ngakhale pampu, mufunseni kuti adziwa bwanji kuti gasi wakwana.

Pepala lomwelo limanenanso mtundu wa gasi. Makina akale ambiri ndi a R22, amene akuthetsedwa pang'onopang'ono potsatira pangano la Montreal la mu 1987, chifukwa amawononga mpweya wa ozoni kumwambaku, umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa. Atsopano amabwera ndi R410A kapena R32. Mitundu imeneyi siisakanizidwa, mphamvu yake m'mapaipi ndi yosiyana, mafuta ake ndi osiyananso. R32 amatha kuyaka, choncho wowotcherera paipi gasiyo ali m'kati akuika moyo wake ndi nyumba yanu pa chiswe.

Koma ndinene zoona, nyumba zambiri zomwe timaitanidwa gasi amakhala ali bwinobwino. Vuto ndi Mzuzu yemweyu. Mzinda wathu uli pamtunda wopitirira mamita 1,200, ndiye kutentha kovutitsa ndi kwa Okutobala ndi Novembala basi. Kwa anzathu a ku Karonga ndi ku Nkhata Bay eyakoni imalira pafupifupi chaka chonse, pomwe ya ku Katoto kapena ku Luwinga imangokhala pakhoma miyezi yambiri osayatsidwa. M'miyezi imeneyo imapeza alendi. Mavu amamata dothi kukamwa kwa paipi yotulutsa madzi, abuluzi amakagona pa bolodi la magetsi, makoswe amatafuna mawaya, ndipo chinyezi cha mvula yathu yosatherapoyi chimameretsa nkhungu m'kati. Tsiku loyamba kuyatsa, fungo lachuku ndi limenelo, madzi n'kuyamba kuyenderera pakhoma.

Chimene chimapusitsa anthu kwambiri ndi sefa. Mukakweza chivundikiro cha chipangizo cha m'nyumba mupeza timaukonde tiwiri ta pulasitiki. Tikadzaza fumbi, mphepo siidutsa mokwanira, zitsulo zoziziritsa za kumbuyo kwake zimazizira mopitirira muyeso mpaka kugwira ayisi, ndipo ayisiyo amatsekeratu njira. M'chipinda mumatentha, makina akulira, mwini nyumba n'kuganiza kuti gasi watha. Mankhwala ake ndi madzi ndi kasopo pang'ono. Solotsani timaukondeto, tsukani, yanikani pamthunzi chifukwa dzuwa limatipinda, n'kubwezeretsa titauma. M'nyengo yogwiritsa ntchito chitani zimenezi masabata awiri aliwonse, makamaka ngati nyumba ili m'mbali mwa msewu wafumbi. M'miyezi yomwe simukuifuna, muziiyatsabe kwa mphindi khumi ndi zisanu kamodzi pamwezi. Chipangizo cha panja chimafunanso kupuma. Khola lachitsulo lotchingira akuba ndi labwino, koma lisathine, ndipo musaunjikepo makatoni kapena matumba a chimanga.

Nkhani ya magetsi ndi ina. Magetsi akathima n'kuyakanso nthawi yomweyo, kompuresa imakakamizika kudzuka gasi asanakhazikike m'mapaipi, ndipo imakoka moto wambiri. Imafunika kupuma mphindi zitatu kapena kuposerapo. Makina ambiri atsopano amadikira okha, komabe kachipangizo koteteza ku kukwera ndi kutsika kwa magetsi n'kofunika, ndipo kakhale kolingana ndi mphamvu ya eyakoni, osati kaja ka firiji. Mukamva chipangizo cha panja chikungong'ung'udza kwa kanthawi n'kusiya, fani ikuzungulira koma kuzizira kulibe, musafulumire kuvomera kuti kompuresa yapsa. Nthawi zambiri imakhala kapasita, kachitini kakang'ono kothandiza kompuresa kudzuka, ndipo ikafa imatupa pamwamba. Mtengo wake ndi kachigawo kochepa chabe ka mtengo wa kompuresa. Kapasitayo musaigwire nokha, imasunga moto ngakhale mwathimitsa magetsi. Zipangizo zina monga bolodi la makina a inverter, aja kompuresa yake imasintha liwiro yokha, sizipezeka msanga kuno, timachita kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, n'chifukwa chake woitana mmisiri mu Seputembala amagona bwino kuposa woitana kutentha kutafika kale. Ndipo eyakoni iliyonse ikhale ndi waya wakewake wochokera ku bokosi la magetsi, woikidwa ndi munthu wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta.

Tsono chimene chimandidabwitsa ndi cha mu Juni ndi Julayi. Ndimalowa m'nyumba yokhala ndi eyakoni pakhoma, pansi pake pali hita ikuyaka. Tayang'anani rimoti yanu. Ngati podina batani la Mode pakutuluka kachithunzi ka dzuwa ndipo makina akuvomera, eyakoni yanuyo imatenthetsanso. Imangotembenuza njira ya gasi, n'kumatenga kutentha kwa mumpweya wa panja kulowetsa m'nyumba, pakuti ngakhale usiku wozizira wa ku Mzuzu mpweya umakhalabe ndi kutentha koti n'kutapa. Hita ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri a ESCOM pa ola, ndiye kuyambira chakumadzulo mpaka nthawi yogona, maola asanu, mayunitsi khumi apita. Eyakoni ya 12,000 BTU (BTU ndi muyeso wa mphamvu ya eyakoni) imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa ola koma kutentha kwake kumaposa kwa hita ija, chifukwa siipanga kutentha, imangokusamutsa. Si zonse zili ndi mbali imeneyi, zina ndi zoziziritsa basi. Mukaiika pa kachithunzi ka dzuwa kaja, fani ya m'nyumba imayamba yadikira mphindi zingapo, ndipo chipangizo cha panja chimadontha madzi. Sikuti yawonongeka, ndi mmene imagwirira ntchito. Ikani pa madigiri 21 kapena 22. Kuika pa 30 sikufulumizitsa kanthu, kumangotha mayunitsi.

Amene muli ndi hita yokha, ilumikizeni pa soketi ya pakhoma. Hita ya mawati 2,000 imakoka pafupifupi maampu 9, ndipo maekisitenshoni otsika mtengo a mumsikawa waya wake ndi wowonda, amatentha mpaka kusungunuka. Pulagi ikamatentha mukaikhudza, kapena soketi ikayamba kuda m'mabowo, siyani kaye mpaka ikonzedwe. Ndikudziwa kuti mvula yowaza ya mu Juni ikagwa masiku atatu yunifolomu ya mwana siuma, koma kuyanika chovala pamwamba pa hita ndi kumene moto wa m'nyumba umayambira. Komanso ngati nyumba ilibe siling'i, ndalama ya hita yambani mwagulira siling'iyo, apo ayi mukutenthetsa malata.

Kunena zoona, mabanja ochuluka ku Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo ndi Masasa alibe eyakoni kapena hita. Chowothera chawo ndi mbaula, ndipo apa ndi pamene pali ngozi yoposa zonse ndatchulazi. Ambiri amakhulupirira kuti makala akafiira, utsi n'kutha, mbaula itha kulowa kuchipinda. Ayi ndithu. Makala ofiira amatulutsabe mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo ngakhale mtundu. Ukalowa m'magazi umalanda malo a mpweya wabwino, ndipo munthu wogona sadzidzimuka, amangopitirira. Zenera ndi chitseko zikakhala zotseka chifukwa cha mphepo, mpweyawo umachulukana msanga. Alonda ogona m'tinyumba ta pageti ndiwo ali pangozi kwambiri, ndipo mabwana awo angachite bwino kuwagulira jekete lochindikala ndi bulangete.

Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, moti ambiri amayesa malungo. Kusiyana kwake n'kwakuti zimagwira onse a m'chipindamo nthawi imodzi, ndipo zimachepa akatuluka panja. Mukaona zotere tsegulani zitseko, tulutsani aliyense, ndipo amene wakomoka kapena akuyankhula zosamveka muthamangire naye ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi kuti akamuike pa okosijeni. Osadikira kuti kuche. Pootha mbaula m'nyumba zenera likhale lotsegula, ndipo nthawi yogona ikakwana mbaulayo ituluke panja. Pofuna kufunditsa bedi, thirani madzi otentha m'botolo lolimba, tsekani bwino, likulungeni m'chitenje n'kuliika kumiyendo.