Ndalama zosalazira njira za pachipale ku Minnesota zimachokera kuti?

Usiku wa mu Januwale, kumpoto kwa chigawo cha Minnesota m'dziko la America, anthu akagona, munthu mmodzi amakwera chigalimoto cholemera choyenda pa malamba n'kulowa nacho m'nkhalango. Kumbuyo chimakoka chitsulo chachitali chokhala ndi mipeni, chomwe chimadula mabampu amene apangika masana, kusakaniza chipale chofewa, n'kuchitsendera mpaka njira itasalala. Ntchitoyi imagwiridwa usiku chifukwa chipale chikatsenderedwa chimafuna maola angapo a kuzizira, popanda wodutsapo, kuti chilimbe. Kukacha pamadutsa masnowmobile, omwe ndi njinga zamoto zoyenda pachipale, ndipo pofika madzulo mabampu aja amakhala atabwereranso.

Minnesota ili ndi njira zotere zotalika makilomita pafupifupi 35,000, ndipo zambiri mwa izo sizisamalidwa ndi antchito a boma. Amazisamala ndi anthu ongodzipereka a m'makalabu a okwera njingazi, kudzera m'ndondomeko ya thandizo la ndalama yotchedwa Grant-in-Aid, yomwe inayamba mu 1973 ndipo imayendetsedwa ndi dipatimenti yoona zachilengedwe ya DNR.

Anthu ambiri akamva kuti boma likupereka ndalama zokonzera njira zongosangalalira amadandaula, poganiza kuti ndi ndalama zomwe zikanapita kusukulu kapena kuchipatala. Dandauloli n'lomveka, koma silikugwirizana ndi mmene thumba la ndalama za njirazi limadzazidwira. Gawo lina limachokera ku ndalama zolembetsera njinga, zomwe mwini amalipira pa zaka zitatu zilizonse, komanso ku ziphaso zoyendera m'njirazi zimene alendo ochokera m'zigawo zina amagula. Gawo lina ndi la msonkho wa petulo, ndipo apa ndi pamene pali nzeru yomwe ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo. Msonkho wa petulo unakhazikitsidwa kuti uzikonzera misewu, koma wokwera snowmobile amaulipira pathanki pomwe njinga yake siyenda mumsewu. Choncho lamulo la Minnesota limawerengera kuti gawo limodzi mwa magawo 100 a petulo yense wolowa m'chigawochi limathera m'njingazi, ndipo msonkho wa gawo limenelo umatumizidwa kuthumba la njira zawo. Kunena mwachidule, okwera akubwezeredwa ndalama zawo zomwe.

Ndalamazi siziperekedwa m'manja mwa kalabu mwachindunji. DNR imasainirana mgwirizano ndi khonsolo ya dera kapena ya tauni, ndipo khonsoloyo ndi imene imaimirira kalabu, kulandira ndalama ndi kuyankha ngati zasokonekera. Siziperekedwanso zonse pakamodzi. Zimabwera m'magawo anayi, lililonse likatsimikizika kuti ntchito yake yachitika: loyamba njira zikalambulidwa ndi kukonzeka kutsegulidwa pa 1 Disembala, awiri otsatira chifukwa cha kusalaza m'kati mwa nyengo yozizira, ndipo lomaliza njira zikatsekedwa bwino.

Gawo loyambalo ndi limene anthu akunja saliona, chikhalirecho ndi lolemetsa kwambiri. Chipale chisanagwe, mamembala a kalabu amayenda m'njira ndi macheka kudula mitengo yogwa ndi mphepo, kutchetcha thengo, kusintha matabwa ovunda pamilatho, ndi kuzika zikwangwani zochenjeza pamakona ndi podutsa misewu. Amayendanso khomo ndi khomo kupempha chilolezo kwa eni minda, popeza njira zambiri zimadutsa pamalo a anthu. Mlimi mmodzi akakwiya chifukwa okwera achoka m'njira n'kupondereza mbewu zake, akhoza kutseka chipata, ndipo kalabu iyenera kufunafuna kokhotetsera njira yonse.

Vuto lalikulu ndi makina. Chigalimoto chosalazira chatsopano, monga cha mtundu wa PistenBully kapena Tucker Sno-Cat, chimagulidwa pamtengo wa madola masauzande mazanamazana, ndipo thandizo la pachaka, lomwe limathera ku dizilo, inshuwalansi ndi zokonzetsera, silingafikepo. Apa makalabu amadalira ndondomeko ya boma lalikulu la America yotchedwa Recreational Trails Program, yomwe inayambira m'lamulo la 1991 ndipo nayonso imachokera ku msonkho wa mafuta. Ndondomekoyi imapatula magawo 30 mwa 100 kuti apite ku njira za zoyendera za injini, koma ndalama zake n'zopikisanirana, ndipo kalabu iyenera kuikapo gawo lake, lomwe nthawi zambiri limasonkhedwa pogulitsa chakudya ndi matikiti a mwayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti thumbali limadaliranso nyengo. M'nyengo yozizira ya 2023 kulowa 2024 chipale chinagwa chochepa kwambiri ku Minnesota, moti njira zambiri sizinatsegulidwe n'komwe. Chaka chotero anthu amazengereza kulembetsa njinga, alendo sagula ziphaso, ndipo ndalama za m'thumba zimachepa. Koma kalabu inali italambula kale njira, itakonza milatho, italipira inshuwalansi, ndipo ngongole ya makina sidikira chipale. Mahotela, malo odyera ndi ogulitsa mafuta m'matauni ang'onoang'ono a kumpoto nawonso amaluza, koma iwo salowa m'masamu a thumbali.

Kumayambiriro kwa Epulo mamembala a makalabu aja amabwerera m'nkhalango kukazula zikwangwani za m'minda, kutseka zipata kuti ziweto zisatuluke, ndi kulemba mafomu opempha thandizo la chaka chotsatira.