Musanagule bokosi la kasinja womanga nokha, onani matcheni ake

Ambiri amene amandifunsa za akasinja apulasitiki omanga pamanja amabwera atasankha kale mumtima. Aona chithunzi pabokosi, Tiger wa Ajeremani atatosa mzinga mu utsi, basi akufuna yemweyo. Ntchito yanga ndi yomanga zifanizo zimenezi ndi kuphunzitsa ena kumanga, ndiye ndimawauza mosabisa kuti chithunzicho anachijambula kuti bokosi ligulidwe, koma sichinena ntchito imene ikukudikirani mkatimo. Bokosi loyenera munthu woyamba kumene ndi limene adzalimalize. Kuti mulidziwe pali zinthu zochepa zoti muone, ndipo chachikulu mwa zonse ndi matcheni amene kasinjayo amayendera.

Tiyambe ndi manambala olembedwa pabokosi. Mukaona 1/35, ndiye kuti chifanizocho n'chochepa maulendo 35 poyerekeza ndi kasinja weniweni. Sherman wa ku America, amene kutalika kwake kuli pafupifupi mamita 6, amatuluka wa masentimita ngati 17. Yemweyo pa 1/72 amangokwana masentimita 8. Tiger I, mukawerengera ndi mzinga womwe, amafika masentimita 24 pa 1/35. Muyezo umenewu unafala chifukwa cha kampani ya Tamiya ya ku Shizuoka, ku Japan. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kampaniyi inapanga kasinja wa Panther woyenda ndi kamota, ndipo kukula kwake anakuyeza kuti mabatire akwane m'mimba mwake. Atawerengera anapeza kuti watuluka 1/35, makampani ena n'kutsatira. Airfix ya ku Britain inasankha 1/76 kuti akasinja ake azilingana ndi tisitima ta zidole tofala kumeneko.

Ena amaganiza kuti kakang'ono ndiye kosavuta. Ayi ndithu. Pa 1/72 nyali ya kasinja imachepa moti ikagwa pansi simuionanso, ndipo kadontho kamodzi ka guluu kopitirira muyezo kamafufuta zonse zimene zinali pamenepo. Ubwino wake ndi mtengo wotsika ndi malo ochepa osungira. Pa 1/35 zala zimagwira bwino, maso saona movutikira, ndipo mitundu yoti musankhepo ndi yambiri kuposa pa muyezo wina uliwonse. Pakati pake pali 1/48, umenenso ndimaukonda kwa munthu wokhala m'chipinda chopanikizika.

Tsopano matcheni aja. Amabwera m'njira zitatu. Yoyamba ndi lamba mmodzi wofewa wangati labala, amene mumangolumikiza nsonga zake n'kumuveka pamawilo, ntchito ya mphindi zochepa. Yachiwiri ndi zidutswa zazitali zowongoka za pamwamba ndi pansi, kuphatikiza timfundo tochepa tokhotera pamawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Yachitatu ndi mfundo iliyonse payokha. Apa m'pamene anthu ambiri amagwera ulesi. Tiger I ali ndi mfundo 96 mbali imodzi, kutanthauza 192 zonse pamodzi. Iliyonse muidule pafelemu (kachimango kapulasitiki kamene tizidutswa timabwera titalumikizidwapo), muipale pamene mwadulapo, muiike mumzere, muthire guluu, kenako mukhotetse tcheni chonsecho pamawilo guluuyo asanaume. Mukachedwa chimauma chili chowongoka, mukafulumira chimamasuka m'manja. Mabokosi ena a Sherman amapitirira apo, mfundo imodzi yokha imakhala ndi tizidutswa titatu kapena kuposa.

Sindikunyoza matcheni oterewa. Akamangidwa bwino amalendewera pakati pa mawilo monga chitsulo cholemera chimachitira, zimene lamba wofewa sangathe, makamaka pa akasinja a Soviet Union ndi a Ajeremani amene matcheni awo ankakhala olefuka. Koma pa Sherman tcheni chenicheni chinkakhala chokungika, choncho lamba wofewa amaoneka bwino ndithu. N'chifukwa chake ndimati woyamba atenge Sherman.

Pali chifukwa china. Sherman ankapakidwa mtundu umodzi, wobiriwira modera, ndipo T-34 wa Soviet Union nayenso ankakhala wobiriwira thupi lonse, mawilo akuluakulu asanu mbali iliyonse, oonekera bwino. Tiger ali ndi mawilo olowana m'mizere, ndipo lililonse muyenera kulipaka m'mphepete padera. Kuyambira 1943 Ajeremani ankapaka akasinja awo chikasu chodera n'kuwonjezera mawanga obiriwira ndi ofiirira, ntchito yovuta kuichita ndi burashi wamba. Komanso kuyambira chaka chomwecho mpaka September 1944 ankamata pa akasinja ambiri phala lina lotchedwa Zimmerit, la timizere, loletsa mabomba a maginito kukakamira. Mabokosi ambiri sabwera nalo, ndiye mumayenera kulimata nokha kapena kugula padera.

Chiwerengero cha tizidutswa chimalembedwa pamabokosi ambiri, ndipo chiwerengeni mofatsa. Makampani ngati Dragon, Meng, Takom, Rye Field Model ndi MiniArt ya ku Ukraine amapanga zinthu zokongola kwambiri, zina zokhala ndi injini, mipando ndi zipolopolo mkati, ndipo tizidutswa timatha kupitirira 1,000. Zambiri mwa zimenezo zimabisika mukangotseka pamwamba. Amaikamonso timapepala tamkuwa topyapyala, timene guluu wa pulasitiki satigwira, timafuna supaguluu ndi dzanja losanjenjemera. Bokosi la tizidutswa 200 kapena 300 n'lokwanira kukuphunzitsani zonse zofunika. Tamiya ndimaitchula kawirikawiri chifukwa zidutswa zake zimalowana popanda kukakamiza ndipo malangizo ake ndi omveka ngakhale kwa munthu amene sadziwa chinenero chimene alembera. Sherman wawo wa M4A3E8 amene anatuluka mu 2015 ndi poyambira pabwino. Ngati ndalama zavuta, Panzer II wawo wa 1971 akugulitsidwabe, ndi wotsika mtengo, ndipo amamangika m'masiku ochepa.

Zaka zimenezi ndazitchula dala. Bokosi likhoza kukhala latsopano koma chikombole chimene anaumbira pulasitikiyo chili ndi zaka 50. Makampani amabwerekananso zikombole, moti mutha kugula bokosi la dzina lina koma zamkati zili za kampani ina. Chikombole chikakalamba, pulasitiki imatayikira m'mphepete ndipo tizidutswa timatuluka ndi timapiko tofunika kupala. Akasinja akale a Tamiya mukawatembenuza mumapeza timabowo kunsi ndi zizindikiro za mabatire, zotsalira za nthawi imene ankayenda ndi mota. Sizolepheretsa kumanga, koma muzidziwa chimene mukulipira. Pa intaneti pali tsamba la Scalemates limene limaonetsa chaka chimene chikombole chilichonse chinayamba kugwira ntchito ndi mabokosi onse amene chinadutsamo.

M'bokosi simukhala guluu kapena penti, kupatula m'mabokosi ena opangira ana. Pamafunika kapulayala kodulira, kampeni kakuthwa, sandipepa wosalala, kopanira tinthu ting'onoting'ono, ndi guluu wamadzimadzi wa pulasitiki. Guluu ameneyu amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zigwirane, choncho mumayamba mwagundanitsa zidutswazo, kenako n'kukhudza pamsoko ndi nsonga ya kaburashi, iye n'kuyenderera yekha. Supaguluu wa m'golosale musamugwiritse ntchito pathupi lonse, amauma msanga musanawongole ndipo amasiya zoyera. Penti yosungunula ndi madzi ndi yabwino m'nyumba momwe muli ana, chifukwa fungo lake si lamphamvu.

Amene mukuitanitsa kuchokera kunja, kaya ku South Africa kapena ku Britain, werengerani mtengo wotumizira ndi msonkho musanasangalale ndi mtengo wa bokosi. Zitini za penti yopopera ndi guluu woyaka moto nthawi zambiri saloledwa kutumizidwa pandege, ndiye funsani wogulitsa musanalipire. Ngati bokosilo mukugula kwa munthu amene analisunga, litsegulireni pamaso pake. Werengani mafelemu molingana ndi pepala la malangizo, onani ngati kapepala ka zizindikiro ndi manambala omata pakasinja sikanachite chikasu kapena kung'aluka, ndipo pindani lamba wa matcheni pang'ono, chifukwa amene wakhalitsa pamalo otentha amauma n'kuthyoka mukamamuveka.