Mumakhala nthawi yaitali bwanji pa foni? Musadalire kukumbukira kokha

Mukafunsidwa kuti mwezi wathawu munalankhula pa foni kwa maola angati, yankho limabwera msanga, koma kawirikawiri silikhala lolondola. Sikuti anthu amanama ayi. Mutu wa munthu susunga mphindi, umasunga zomwe zinamukhudza. Foni ya uthenga wa maliro kapena ya mkangano imakhazikika, pomwe timafoni ta "ndafika" ndi "ndili m'njira" timaiwalika tsiku lomwelo.

Ofufuza atayerekeza zomwe anthu amanena ndi zomwe makampani a foni analemba, anapeza kuti ambiri amachepetsa chiwerengero cha mafoni omwe anaimba koma amakokomeza kutalika kwake. Oimba mwa apo ndi apo amadzichepetsera nthawi, okonda kuimba amadzichulukitsira.

Nkhaniyi ndi yaikulu pa zaumoyo. Kafukufuku wa Interphone, yemwe anachitika m'mayiko 13 motsogozedwa ndi bungwe la IARC, nthambi yoona za khansa ya WHO (bungwe la zaumoyo padziko lonse) ku Lyon m'dziko la France, anafunsa odwala chotupa cha mu ubongo ndi anthu osadwala kuti akumbukire momwe ankagwiritsira ntchito foni zaka zambiri m'mbuyo. Zotsatira zake zinatuluka mu 2010. Vuto linali apa: munthu wodwala amakhala akusinkhasinkha chomwe chinamubweretsera matendawo, ndipo n'zomveka ndithu. Ngati chotupa chili kumanja, n'kosavuta kukhulupirira kuti foni ankaiika khutu la kumanja nthawi zonse. Ena anatchula maola oposa 12 patsiku, zomwe n'zovuta kukhulupirira. Kukumbukira kotereku kungachititse foni kuoneka yoopsa kuposa momwe ilili. Mu 2011 IARC inaika mafunde a foni m'gulu la 2B, la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa koma umboni wake ndi wochepa.

Kafukufuku wa COSMOS anatsata njira ina. Anayamba ndi anthu asanadwale, n'kugwiritsanso ntchito zolembedwa ndi makampani a foni. Mu 2024, mwa anthu oposa 250,000, sanapeze kuti olankhula kwambiri pa foni amadwala chotupa cha mu ubongo kuposa anzawo.

Nanga inu mungatani? Foni zamakono zimawerenga zokha nthawi. Pa Android tsegulani Digital Wellbeing, pa iPhone tsegulani Screen Time. Musanayang'ane, yambani mwalemba papepala maola omwe mukuganiza, kenako yerekezani. Onetsetsani makamaka nthawi ya usiku, chifukwa mphindi zomwe munthu amathera pa WhatsApp atagona kale pabedi n'zomwe iye mwini amaiwala kuziwerengera.

Ngati mukusowa tulo, khosi likuwawa kapena maso akulemera, lembani manambalawo kwa sabata yathunthu n'kupita nawo kuchipatala. Dokotala adzakuthandizani bwino akaona zenizeni kusiyana ndi kungomva kuti "sindiigwira kwambiri." Makolo, khalani pansi ndi mwana muone manambala ake limodzi, mumuonetsenso anu. Ndipo mukapemphedwa kutenga nawo mbali pa kafukufuku, pomwe simukukumbuka nenani kuti simukukumbuka.