Musanamange loji, ndiuzeni kaye amene adzagonemo

Chiyambire 2023, pamene bungwe la penshoni la NAPSA linayamba kulola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni, pali mawu amene andikwana mu ofesi mwanga: "Ndili ndi kapuloti, ndikufuna kumangapo loji. Azungu akubwera ambiri masiku ano." Ntchito yanga ndi yogulitsa maulendo ndi zipinda zogona alendo muno mu Lusaka, choncho anthu amayembekezera kuti ndiwaombera m'manja. Ine ndimangofunsa kuti azunguwo akuchokera kuti, adzadziwa bwanji kuti ku Chalala kuli chipinda chanu, nanga akadzuka m'mawa adzapita kukaona chiyani. Yankho limakhala limodzimodzi: "Anena pa wailesi kuti alendo apitirira mamiliyoni awiri."

Pa wailesipo sananame. Boma linalengeza kuti mu 2024 m'dziko muno munalowa alendo pafupifupi 2.2 miliyoni. Ndipo kunja konse ntchito zokopa alendo ndi chimphona. Mu 1950 anthu amene anadutsa malire a dziko lawo kukagona kwina analipo 25 miliyoni okha. Mu 2012 anakwana biliyoni imodzi, mu 2019 anayandikira 1.5 biliyoni, ndipo kumene anapitako anasiya madola pafupifupi 1.5 thililiyoni. Bungwe la World Travel and Tourism Council limati ukaphatikiza ndege, mahotela, malo odyera ndi onse amene amadyera pomwepo, chaka chimenecho ntchito imodzi mwa khumi zilizonse padziko inali yokhudza maulendo. Kwa ife, amene ndalama zakunja zimadalira kopa pafupifupi 70 peresenti, mlendo ndi wofunika chifukwa amabweretsa yekha dola pakhomo, popanda ife kukweza katundu pa thiraki kupita ku Dar es Salaam.

Koma ndalama zimenezo sizigawidwa mofanana ayi. France yokha imalandira alendo pafupifupi 100 miliyoni pa chaka, Spain inalandira 94 miliyoni mu 2024. Africa, osawerengera Egypt ndi Libya, analandira 74 miliyoni chaka chomwecho, ndiye kuti alendo asanu okha mwa 100 aliwonse apadziko, ndipo oposa 17 miliyoni mwa amenewo anathera ku Morocco. Ku Venice anayamba kulipiritsa mayuro 5 mu 2024 kuti anthu achepeko, ku Barcelona eni mzinda ankathira alendo madzi kuti adzipita kwawo. Ife kuno tikuchonderera, mpaka tinachotsa viza kwa anthu a mayiko ambirimbiri mu 2022 ndi kuwonjezeranso ena mu January 2025.

Tsono mvetsani bwino kawerengedwe kake, chifukwa apa ndi pamene penshoni za anthu zikuthera. Bungwe la UN Tourism, lija lili ku Madrid, likamawerenga alendo siliyang'ana khungu kapena kamera ya pakhosi. Munthu akachoka kudziko kwawo, n'kugona usiku umodzi kapena kuposerapo kudziko lina, osati kudzalembedwa ntchito, ndi mlendo basi. Mayi wa ku Lubumbashi wodzapikula katundu ku Kamwala ali m'chiwerengeromo. Malume anu ochokera ku Mchinji, amene adutsira pa Mwami kudzakhala pa maliro ku Mtendere, alimonso. Amene abwera ku msonkhano ku Mulungushi, amene akudzaonana ndi dokotala, amene akungodutsa pa ulendo wa ku Harare, onsewo. Padziko lonse alendo anayi mwa asanu aliwonse amayenda m'chigawo chawo chomwecho, ndipo kwa ife ambiri mwa mamiliyoni awiri aja ndi anansi athu a mu Africa muno, ambiri odzachita malonda. Mzungu wa tchuthi amene mukumulotayo alipo, koma ndi kagawo kochepa, ndipo Lusaka si kumene akupita. Amatera pa Kenneth Kaunda International Airport masana, madzulo ali kale ku Mfuwe kapena ku Livingstone. Akagona muno ndiye kuti ndege yamusiya.

Nanga wa ku Mfuweyo amagula bwanji ulendo wake? Sabwera ndi chikwama cha madola kudzayang'ana zikwangwani m'mbali mwa Great East Road. Amalowa mu ofesi ya kampani ya maulendo kwawo ku London kapena ku Munich, miyezi yambiri, mwinanso chaka chathunthu, ulendo usanachitike. Amalipira zonse komweko: ndege, kogona, chakudya, galimoto yokaonera nyama. Kampaniyo imatengapo 20 mpaka 30 peresenti ya mtengo wa chipinda. Ndalama ya tikiti ya ndege imapita ku Dubai, ku Doha, ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, chifukwa British Airways inasiya kutera muno mu 2013 ndipo amene amatibweretsera alendo akutali ndi makampani a kumeneko. Pa zotsalazo chotsanipo vinyo, tchizi, zipangizo za sola ndi magalimoto, zonse zogula kunja. Ndalama imene imafikadi m'thumba la munthu wa kwa Mambwe ndi malipiro ake ndi ya ndiwo zamasamba zimene wagulitsa ku kampu. Si zochepa, ndipo mabanja ambiri kumeneko akuphunzitsa ana ndi zimenezi. Koma musatenge mtengo wa chipinda umene mwauona pa intaneti n'kuchulukitsa ndi masiku 365. Makampu ambiri a m'tchire ku Luangwa amatseka mvula ikayamba ndipo amatsegulanso cha mu May kapena June.

Ndipo malo amenewo sanatchuke dzulo. Norman Carr anayamba kugwira ntchito ndi mfumu Nsefu mu 1950, kuyendetsa alendo m'chigwa cha Luangwa. Mathithi a Mosi-oa-Tunya akhala akulembedwa m'mabuku a ku Ulaya chiyambire m'ma 1850. Inu mukufuna kapuloti ka kuseri kwa tchalitchi kapikisane ndi zimenezo m'miyezi isanu ndi umodzi.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anali mphunzitsi, anapuma pa ntchito atatumikira zaka zambiri, munthu wosamala ndalama kwambiri, woti ngakhale risiti ya simenti anali kuisunga m'faelo. Anamanga malo okongola cha ku Chongwe: tinyumba ta udzu tozungulira, kadziwe kosambiramo, mipando ya mukwa. Chimbudzi ndi bafa anaika panja, chifukwa wina anamuuza kuti azungu amakonda kusamba akuona nyenyezi. Penshoni itatha anakatenga ngongole ku banki, chikole ndi nyumba yake ya m'tauni. Kenako kunabwera mnyamata wovala bwino, wolankhula Chingerezi cha m'mphuno, n'kunena kuti iye ndi ajenti wa makampani a ku Germany. Anaonetsa zithunzi za azungu atakwera bwato, anati gulu loyamba lifika mu August, koma mayiyo alipire kaye ndalama yolembetsera dzina kunjako, ina ya kabuku kotsatsira malonda, ina ya ulendo wake wa ku chionetsero. Zonse anatumiza pa foni, pa nambala ya munthu, osati ya kampani.

Pamene ankafika kwa ine n'kuti August wadutsa kawiri.

"Mwana wanga, tandionereni pa kompyuta yanuyo ngati dzina langa lilimo kumeneko ku Germany."

"Amayi, mnyamatayo anakupatsani pepala lililonse? Laisensi yake munaiona?"

"Iyayi, koma anali waulemu kwambiri. Ankabwera mpaka kunyumba."

Dzina silinali paliponse. Chimene chimandipweteka kwambiri si mnyamatayo, mbava zilipo ndipo sizidzatha. Ndi chakuti m'zaka ziwiri zimenezo anthu ankabwera pa geti pake kudzafunsa malo: a komiti ya ukwati, a kwaya ofuna kogona Loweruka ndi Lamlungu, a bungwe lina ofuna chipinda chochitiramo maphunziro. Onse anawabweza. Ankati amudetsera udzu alendo ake asanafike, komanso mitengo anali ataiika m'madola. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Usiku uliwonse umene chipinda chagona chopanda munthu, ndalama ya usikuwo yapita, simudzaigulitsanso mawa, pamene mlonda, Zesco ndi banki akuwerengabe masiku awo. Tinayesa kusintha zinthu, mitengo m'makwacha, kachipinda ka misonkhano, koma tinyumba ta bafa lapanja sitikopa mayi wa ku Kabulonga wobwera ndi ana m'mwezi wozizira wa June, ndipo chiwongoladzanja chinali chitakula kale kuposa chimene malowo akanapanga ngakhale atadzaza. Malowo ali m'manja mwa ena tsopano. Nyumba ya m'tauni inapulumuka chifukwa ana ake anasonkherana.

Akanabwera maziko asanakumbidwe, nkhani yake inali ya theka la ola.

Za akathyaliwa ndinene mosapsatira, chifukwa achuluka, ndipo masiku ano ali pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi zithunzi zakuba. Ajenti weniweni salipiritsa mwini loji kuti amubweretsere alendo. Amadya komishoni mlendo akagona, osati asanabwere. Ngakhale Booking.com, imene ili padziko lonse, kulembetsa n'kwaulere ndipo imatengapo pafupifupi 15 peresenti munthu akagonadi. Wina akakuuzani kuti "lipirani kaye kuti tikuikeni m'buku la ku Ulaya", mutsekereni geti. Aliyense wochita bizinesi ya maulendo kapena malo ogona m'dziko muno ayenera kukhala ndi laisensi ya Zambia Tourism Agency, malinga ndi lamulo la 2015. Muuzeni akuonetseni, ndipo mukafunse nokha ku ofesi ya bungwelo ngati ndi yeniyeni. Kampani yake mukaifufuze ku PACRA, kumene makampani amalembetsera. Akati amapita ku zionetsero, mufunseni kuti ziti. Zikuluzikulu n'zodziwika: ITB ku Berlin mu March, Indaba ku Durban mu May, World Travel Market ku London mu November. Amene amapitadi amakutchulirani makampani amene anakumana nawo ndipo sakwiya mukafuna kuwalembera kalata. Wabodza amayamba kukuuzani kuti mulibe chikhulupiriro.

Alipo enanso amene amati adzakutengerani nyenyezi zitatu kapena zinayi, zija zosonyeza mulingo wa loji, "kudzera kwa munthu wathu wa m'kati". Nyenyezi zimaperekedwa oyendera malo akabwera kudzaona okha zipinda, khitchini ndi zimbudzi. Ndipo alipo amene amagulitsa ndemanga zabodza za pa intaneti. Mlendo woyamba weniweni akadzapeza kuti madzi otentha kulibe, adzalemba zake, ndipo zimenezo sizifufutika.

Kuchedwa nakonso kukupha mabizinesi ambiri. Munthu amatsegula malo alibe laisensi, alibe satifiketi ya zaumoyo ndi ya ozimitsa moto kuchokera ku khonsolo, sakudziwa kuti pa bilu pamayenera kukhala msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti ndi 10 peresenti ya ogwira ntchito, akuti adzakonza zinthu zikayamba kuyenda. Koma mabungwe ndi maofesi a boma, amene ndiwo amadzaza zipinda mu Lusaka kuyambira Lolemba mpaka Lachinayi, sangakulipireni popanda mapepala a ZRA, bungwe lotolera misonkho. Ndiye zinthuzo ziyenda bwanji? Wina amakumbukira kutsatsa malonda mu July, pamene mabedi a nyengo imeneyo anagulitsidwa kale chaka chatha. A ku Katete ndi ku Chipata, ndikunena inunso: Kulamba imachitika kumapeto kwa August chaka chilichonse ku Mkaika, Achewa a ku Malawi ndi ku Mozambique amabwera mwaunyinji kwa Kalonga Gawa Undi, Nc'wala ili kumapeto kwa February ku Mtenguleni, masiku ake ndi odziwika kale. Koma anthu amagonabe m'magalimoto, ndipo eni malo ogona amadzidzimuka sabata yomweyo, n'kukweza mitengo katatu, chaka chamawa mlendoyo n'kukagona kwa achibale.

Chomaliza chimene amene akukopani ndi ziwerengero sakuuzani: bizinesi iyi imagwa tsiku limodzi. Kampani ya Thomas Cook inakhalapo zaka 178, koma mu September 2019 inagwa usiku umodzi, anthu pafupifupi 600,000 ali pa tchuthi kunja, mahotela ambiri n'kutsala ndi ngongole zosalipidwa. Mu 2020 alendo apadziko lonse anatsika ndi 70 peresenti n'kupitirira, ntchito zoposa 60 miliyoni zinatha, ku Livingstone anyamata opalasa mabwato anabwerera kumudzi. Zinatenga mpaka 2024 kuti chiwerengero chibwerere pafupi ndi pamene chinali. Ifenso tinaona kolera kumayambiriro kwa 2024, ndi magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse madzi atachepa ku Kariba. Amene anapulumuka pa zonsezi ndi amene analibe ngongole yaikulu ndipo anali ndi makasitomala a konkuno.

Choncho mukamabwera kwa ine, kapena kwa wina aliyense amene ali ndi laisensi, musabwere ndi pulani ya nyumba. Pitani kaye kumalo ogona atatu kapena anayi oyandikana ndi puloti yanu, Lachiwiri usiku, osati Loweruka. Werengani magalimoto amene ali pabwalo, onani manambala ake ngati ndi a boma, a kampani kapena akunja, ndipo mufunse mlonda kuti anthuwo amakhala masiku angati. Mukabwera ndi zimenezo tidzakambirana za zipinda zingati ndi za mtengo wanji. Ndipo chikalata cha nyumba imene mukugonamo musachipereke ku banki chifukwa cha gulu la alendo limene simunaone ngakhale dipoziti yake mu akaunti yanu.